Kamera Yakale ndi Wophunzira Watsopano

Masiku ano palibe nchito yapafupi yoposa kujambula cithunzi. Mwana wa sukulu, mai wogulitsa ndiwo pa msika wa Chisokone ku Kitwe, ndi mnyamata wotuluka ku mgodi mbandakuca, onsewa ayenda ndi kamera m'thumba, popeza pafupifupi foni iri yonse iri ndi diso lace. Pa ukwati umodzi munthu akhoza kujambula zithunzi 300, nafafaniza zoipa zonse, osataya ngakhale ngwee imodzi. Koma m'zaka zino kwaoneka cinthu cacilendo m'maiko ambiri. Ojambula acinyamata, amene anaphunzira nchito yao pa kamera za dijito, ayamba kufunafuna kamera zakale za filimu, zomwe zija atate ao anaziika pansi pa bokosi naziiwala. Filimu njokwera mtengo, zithunzi zace nzowerengeka, ndipo mwini wace saona cimene wajambula kufikira filimuyo itatsukidwa. Nanga anyamata ndi asungwana amenewa afunanji kumeneko?

Yankho liri m'mbiri ya kamerayo. Munthu wozolowera dijito akagwira kamera yakale ayenda ulendo cafutambuyo, ndipo bvuto liri lonse limene akomana nalo ndi bvuto limene anthu ena analimbana nalo kale. Pa ulendowo aphunzira cimene makina amakono anamubisira: kuti cithunzi ciri ndi mtengo wace, ndi kuti ciyenera kusankhidwa ndi maso cala cisanakanikize.

Filimu icokera pansi pa nthaka

Nchito yoyamba ya wophunzira ndiyo kutsegula kumbuyo kwa kamera ndi kuikamo filimu. Akoka nsonga yace kucokera m'kacitini, naikoleka pa mano a kagudumu, natseka. Akaikoleka molakwa, adzajambula tsiku lonse pacabe cifukwa filimu sidzayenda. Akatsegula kamera filimu isanakulungidwenso m'kacitini kace, kuwala kudzaononga nchito yace m'kamphindi. Pamenepo ayamba kuzindikira kuti wagwira cinthu ceniceni cokhoza kuonongeka.

Anthu a ku migodi ayenera kudziwa kuti mphamvu ya filimu icokera pansi pa nthaka. Pa lamba woonekera ngati galasi apakapo jelatini, ndiwo ulimbo wophikidwa kucokera ku mafupa ndi zikopa za ng'ombe, ndipo m'ulimbomo muli timibulu ting'onoting'ono ta mcere wa siliva. Kuwala kukagwa pa timibuluto tisinthika, ngakhale diso silikhoza kuona kusinthikako kufikira mankhwala atakuonetsa. Siliva ameneyo akumbidwa m'migodi. Ngakhale mgodi wa Broken Hill, kumene tsopano ndi ku Kabwe, unali kutulutsa siliva pang'ono pamodzi ndi mtovu ndi zinki kufikira pamene unatsekedwa m'caka ca 1994.

Kale lomwe anthu anadziwa kuti kuwala kukalowa pa kaboo m'cipinda ca mdima kuonetsa cithunzi cozondoka pa khoma. Cimene cinawakanika ndico kugwira cithunzico kuti cisathawe. Munthu wa ku France, Nicéphore Niépce, ndiye anacigwira ca m'ma 1826 pa mbale ya citsulo yopakidwa phula, koma kamera yace inayenera kupenya pa zenera maola osacepera 8. Mnzace wa pa nchito, Louis Daguerre, anapeza njira yofulumira, imene inalengezedwa ku Paris m'caka ca 1839. Iye anagwiritsa nchito mbale ya mkuwa yokutidwa ndi siliva, kotero kuti zithunzi zoyamba zimene anthu ambiri anagula zinali pa citsulo ca mtundu womwe uja ukumbidwa ku Nkana ndi ku Mufulira. Koma cithunzi ca Daguerre cinali cimodzi cokha, cosabala cinzace.

Ku England, William Henry Fox Talbot anatsata njira yina, nailembetsa ku boma m'caka ca 1841. Cithunzi cace coyamba cinali kutuluka pa pepala cotembenuka, zoyera ziri zakuda ndi zakuda ziri zoyera, ndipo kucokera pa ico munthu anakhoza kusindikiza zithunzi zambiri monga afunira. Cimeneci ndico negetivi, kholo la filimu yonse. John Kirk, dotolo amene anatsagana ndi David Livingstone pa ulendo wa pa Zambezi umene unayamba mu 1858, anajambula mitengo ndi nyumba pa manegetivi a pepala, ndipo zithunzi zace ziri pakati pa zoyamba za maiko a m'mbali mwa mtsinjewo. Ojambula ena a masiku amenewo anali kutsata njira ya Frederick Scott Archer ya 1851, yojambula pa galasi lonyowa. Anayenera kupaka mankhwala, kujambula ndi kutsuka galasilo lisanaume, cifukwa cace anali kuyenda ndi hema wa mdima, mabotolo ndi mabokosi, katundu wa amtengatenga angapo.

Zithunzi zowerengeka

Amene anapeputsa katunduyo ndi George Eastman, kalaliki wa m'banki ku Rochester, m'dziko la America. M'caka ca 1888 anayamba kugulitsa kabokosi kochedwa Kodak pa mtengo wa madola 25, muli kale filimu yokulunga ya zithunzi 100. Zithunzi zikatha, mwini wace anali kutumiza kamera yonse ku fakitale pamodzi ndi madola 10, ndipo inali kubwerako ndi zithunzi zotsukidwa ndi filimu yatsopano m'kati. Mu 1900 anatulutsa Brownie, ya dola limodzi, imene ngakhale ana anaikhoza. Kuyambira pamenepo kujambula sikunalinso kwa akatswiri ndi olemera okha ai.

Kamera zambiri zimene ophunzira a lero agula ndi zidzukulu za kamera yina, ya ku Germany. Oskar Barnack, mmisiri wa kampani ya Ernst Leitz ku Wetzlar, anali wodwala mphumu, ndipo kunyamula mabokosi olemera kunali kumtopetsa. Nkhondo ya 1914 isanayambe anapanga kakamera kolowa m'thumba la jekete, kogwiritsa nchito filimu ya bayasikopo, ya mamilimita 35 m'mimba mwace. Kamerayo inafika pa msika mu 1925 ndi dzina lakuti Leica, ndipo mu 1934 a Kodak anayamba kugulitsa filimuyo m'tizitini tokonzeratu. Kacitini kodzala kali ndi zithunzi 36, ndipo kang'ono kali ndi 24.

Nambala imeneyi ndiyo mphunzitsi wamkulu wa munthu wocokera ku dijito. Pamwamba pa kamera pali kagudumu kowerenga, ndipo nthawi iri yonse akakanikiza aona cuma cace cirikucepa. Poyamba cala cace cithamanga monga cinazolowera, ndipo filimu imthera ukwati usanafike pakati. Pambuyo pace ayamba kuima. Ayang'ana m'mphepete monse mwa cithunzi, aona mtengo umene uoneka ngati wamera pa mutu wa mkwati, asendera kumbali, adikira kuti mwana atembenuke, ndipo kawiri kawiri atsitsa kamera osajambula konse.

Umu ndimo anali kugwirira nchito ojambula a mu Africa muno. Seydou Keïta, amene anatsegula situdiyo yace ku Bamako m'dziko la Mali mu 1948, anali kujambula munthu kamodzi kokha cifukwa ca kudula kwa zipangizo. Nchito yace yaikulu inali kucitika asanakanikize: kuyala nsalu kumbuyo, kukonza mpango wa mai, kuika manja a bambo pa malo pace. Lero zithunzi zace zisungidwa m'nyumba zazikulu za zithunzi ku Ulaya ndi ku America. Akulu a m'makomboni a Wusakile, Kantanshi ndi Matero akumbukira ojambula oyenda pa njinga tsiku la Sabata, kamera iri pa khosi. Iwonso analibe filimu yoseweretsa, pakuti cithunzi cimodzi coonongeka cinali ndiwo za tsiku limenelo.

Kuyesa kuwala

Bvuto laciwiri ndi kuwala. Kamera ya dijito iyesa yokha, nikonza zonse mwini wace asanaganize. Kamera yakale siganizira munthu. Pentax K1000, ya ku Japan, imene inapangidwa kuyambira 1976 kufikira 1997 ndipo inaphunzitsa ana a sukulu osawerengeka, ifuna batire pa nchito imodzi yokha, ndiyo kuyendetsa kasingano koyesa kuwala. Zina zonse ziyenda ndi masipuling'i ndi dzanja la mwini wace.

Kamera iri ndi zipata ziwiri za kuwala. Coyamba ndi kaboo ka m'mandala, kamene kakula ndi kucepa monga icitira mboni ya diso la mphaka. Manambala ace ndi 2.8, 4, 5.6, 8, 11 ndi 16. Nambala ikakula kaboo kacepa, ndipo kucoka pa nambala imodzi kunka pa yotsatira kudula kuwala pakati. Caciwiri ndi kacitseko kotseguka ndi kutsekeka mwa kuphethira kwa diso. Pamene palembedwa 125, ndiye kuti katseguka gawo limodzi la magawo 125 a sekondi. Filimu nayo iri ndi nambala yace, monga 100 kapena 400, yonena msanga wace pa kumva kuwala, ndipo imeneyo siisinthika kufikira kacitini katatha.

Kusankha kuli konse kuli ndi malipiro ace. Kaboo kakacepa, za pafupi ndi za kutali zioneka bwino pamodzi, koma kuwala kucepa. Kakakula, nkhope ioneka yakuthwa ndipo za kumbuyo zisungunuka. Kacitseko kakacedwa kuposa pa 60, kunjenjemera kwa manja kupaka cithunzi, ndipo wofuna kuimitsa wosewera mpira ali m'mwamba ayenera kufika pa 500. Akale anali ndi lamulo losafuna batire. Dzuwa likawala bwino, kaboo kakhale pa 16 ndi kacitseko pa nambala yoyandikana ndi ya filimu, monga 125 pa filimu ya 100. Mitambo ikaphimba dzuwa atsegula kufika pa 8, ndipo mumthunzi wa mtengo pa 5.6 kapena 4. Wophunzira amene asunga lamuloli ayamba kuyang'ana kumwamba asanayang'ane m'kamera.

Pali cinanso cimene ojambula a kuno anaphunzira ndi thukuta. Kasingano koyesa kuwala kanyengedwa ndi diresi loyera la mkwatibwi kapena thambo lowala, ndipo nkhope ya munthu wakuda ituluka yopanda maso. Filimu ya mitundu inaonjeza bvutoli, pakuti kuyambira m'zaka za m'ma 1950 a Kodak anali kutumiza kwa otsuka zithunzi khadi loyesera mitundu lokhala ndi cithunzi ca mkazi wacizungu, ndipo khadi la akazi a makungu osiyana linadza m'ma 1990. Wojambula wanzeru anali kuyandikira, nayesa kuwala pa nkhope yeniyeniyo, natsegula kaboo pang'ono. Nzeru imeneyo anali kupatsana pakamwa, mkulu kuuza wamng'ono.

Cipinda ca mdima

Bvuto lacitatu ndi kudikira. Wozolowera dijito akajambula, maso ace athamangira kumbuyo kwa kamera, napeza cikopa cakuda cokha. Cithunzi ciripo, koma ciri cobisika m'timibulu ta siliva. Kuti cioneke, filimu ikulungidwa m'kathanki mumdima wa ndiwe yani, ndi manja okha opapasa. Nyali yofiira imene anthu aona m'bayasikopo njothandiza posindikiza pa pepala, koma filimu ya masiku ano ingaonongeke nayo. Mankhwala oyamba, ofunda madigiri 20, asandutsa timibulu tokhudzidwa ndi kuwala kukhala siliva wakuda, ndipo nthawi yace iwerengedwa ndi koloko. Aciwiri aletsa nchito ya oyambawo. Acitatu, ochedwa hypo, asungunula mcere wotsala kuti cithunzi cisadenso pa dzuwa. Mphamvu ya hypo anaipeza John Herschel mu 1819, ndipo ndiye anauza Talbot za iyo mu 1839. Potsiriza filimu itsukuluzidwa ndi madzi niyanikidwa pa cingwe.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Popeza wophunzira saona kulakwa kwace pomwepo, akakamizidwa kulemba m'kabuku manambala a cithunzi ciri conse, kuti tsiku lotsuka afanizire cimene anayesa ndi cimene catuluka. Kulakwa kolipiridwa ndi ndalama ndi sabata la kudikira sikuiwalika msanga.

M'mene filimu inagwera

Cimene cinagwetsa filimu cinabadwira m'nyumba ya filimu momwemo. M'caka ca 1975 Steven Sasson, injiniya wacinyamata wa ku Kodak, anapanga kamera yopanda filimu. Inali yolemera makilogalamu 3.6, cithunzi cace cinali ca timadontho 10,000 tokha, cakuda ndi coyera, ndipo inali kutenga masekondi 23 kucilemba pa tepi ya kaseti. Akulu a kampaniyo sanafulumire nayo, popeza phindu lao lalikulu linali pa filimu, mapepala ndi mankhwala. Mu 1988 kampaniyo inali ndi anchito oposa 145,000, ndipo panalibe wokhulupirira kuti mtengo waukulu cotere ungagwe.

Koma ca m'ma 2000 kamera za dijito zinatsika mtengo, ndipo mafoni okhala ndi kamera anayamba kugulitsidwa ku Japan. M'zaka khumi zokha malonda a filimu anaphwa ngati mtsinje wa m'cirimwe. Kampani ya Ilford ya ku England inagwa m'ngongole mu 2004. Polaroid inaleka kupanga filimu yace yotulutsa cithunzi pomwepo mu 2008. Kodachrome, filimu ya mitundu yochuka kuyambira 1935, inalekeka mu 2009, ndipo malo otsiriza oitsuka, m'tauni ya Parsons ku Kansas, anasiya kuilandira pa kutha kwa 2010. Mu January 2012 Kodak yeniyeniyo inapita ku khoti kukapempha citetezo kwa okongoza ace. M'matauni a kuno masitudiyo otsuka filimu anatseka, ena nasanduka osindikiza zithunzi za m'foni, ndipo wojambula wa pa njinga anasowa omuitana.

M'mene inadzukira

Komabe moto sunazime wonse. Mu 2005 akapitao ena a Ilford anagula fakitale ya ku Mobberley napitiriza kupanga filimu yakuda ndi yoyera. Anthu ocepa okonda Polaroid anapulumutsa fakitale yace ya ku Enschede m'dziko la Netherlands. Kodak inatuluka m'khoti mu 2013 iri yaing'ono, ndipo mu 2018 inabweza filimu ya Ektachrome imene inali italekeka. Mu 2022 a Leica anayambanso kupanga kamera yao ya filimu ya M6, ndipo mu 2024 kunatuluka Pentax 17, kamera yatsopano imene igawa malo a cithunzi pakati kuti kacitini ka 36 kapatse zithunzi 72. Ambiri a ogula ndi acinyamata amene sanaonepo negetivi pa ubwana wao.

Kunena kuti filimu iposa dijito m'zonse kungakhale kunama. Dijito iona bwino mumdima, siidya ndalama pa cithunzi ciri conse, ndipo mtolankhani sangadikire sabata kuti nyuzi ituluke. Ngakhale okonda filimu ambiri alowetsa manegetivi ao m'kompyuta kuti awatumize kwa anzao. Phindu la wophunzira liri pena. Akabwerera ku kamera yace ya dijito, abwerera ndi maso ena. Adziwa cimene makina acita m'malo mwace, ndipo adziwa nthawi yowakaniza. Pamene kale anali kujambula zithunzi 100 kuti mwina cimodzi cikome, tsopano ajambula 10 zimene waziganizira.

Negetivi ndi mboni

Pali phindu lina lalikulu koposa, ndilo lakuti negetivi ndi cinthu cogwirika cimene cinalipo pa malo pamene zinthu zinacitikira. Ernest Cole, mnyamata wa ku South Africa wobadwa mu 1940, anagwira nchito ku magazini ya Drum, napangana mumtima kuti aonetse dziko lonse moyo wa anthu akuda pansi pa malamulo a tsankho. Analowa m'makomboni a migodi ya golidi kamera itabisika m'thumba la pepala la cakudya. M'migodi imeneyo munali amuna ambiri ocokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Barotseland, amene anapita ndi Wenela. Cimodzi ca zithunzi zace cionetsa amuna atandanda moyang'ana khoma, atabvulidwa zobvala, manja ali m'mwamba, kuyembekeza kupimidwa ndi dotolo. Munthu wojambula mobisa cotero alibe mwai wobwereza. Ayesa kuwala ndi mtunda m'mutu mwace, nakanikiza kamodzi.

Cole anathawa kwao mu 1966, ndipo buku lace la zithunzi, House of Bondage, linatuluka ku New York mu 1967, koma boma la kwao linaliletsa. Anamwalira ku New York mu 1990 ali wosauka, ndipo anthu anayesa kuti manegetivi ace ambiri anataika. M'caka ca 2017 manegetivi oposa 60,000, ambiri a iwo ojambulidwa ku America, anapezeka m'cipinda cosungira cuma m'banki ya ku Stockholm, m'dziko la Sweden. Anali atagona mumdima zaka zambiri osafuna batire kapena magetsi, ndipo anasindikizika. Seydou Keïta nayenso anadziwika kunja kwa Mali m'ma 1990, ali nkhalamba, cifukwa cakuti anasunga manegetivi ace mosamala.

Nkhani imeneyi ikhudza nyumba iri yonse ya ku migodi ndi m'matauni. Foni ikabedwa kapena kugwa m'madzi, kawiri kawiri ipita ndi zithunzi za ana onse. Koma m'masutukesi ambiri, pansi pa zikalata za ubatizo ndi makadi a nchito, mukali maenvulopu a timalamba takuda timene ana ayesa zinyalala. M'menemo muli ukwati wa agogo, tsiku loyamba la atate pa mgodi, ndi nkhope za abale amene anapita. Timalambato tiyenera kugwiridwa m'mphepete mokha, kusungidwa pouma ndi pozizira, ndipo maina a anthu alembedwe pa envulopu akulu owadziwa akali moyo.

Wophunzira kamera yakale nayenso asadalire mabuku ndi intaneti zokha. Ena a ojambula a pa njinga aja akalipo, akhala pa khonde, ndipo m'mutu mwao muli nzeru ya kuwala kwa dziko lino: dzuwa la October, mitambo ya January, ndi fumbi la ku mgodi madzulo. Safunsa anadya phula. Filimu ikhoza kugulidwanso ku sitolo, koma nkhalamba zimenezi zikapita, nzeru yao sidzapezeka pa msika uli wonse.